Tifunseni: Kamera yobisika m'tchire imatumiza bwanji chithunzi?

Funso: Ndamva kuti mayiko ena amabisa timakamera topanda mawaya, toyendera mabatire, m'tchire la m'malire. Foni yangayi netiweki ikafooka imalephera kutumiza ngakhale chithunzi chimodzi pa WhatsApp. Nanga timakamerato timatha bwanji? Ndine mlimi wa ku Mchinji.

Yankho: Bambo, nato timavutika, mwinanso kuposa foni yanuyo. Tina timalumikizana pa wailesi yofooka ya mtundu wa IEEE 802.15.4, yomwe sipitirira makilobiti 250 pa sekondi, ndipo phukusi limodzi la uthenga silipitirira mabaiti 127 (baiti imodzi ili ngati chilembo chimodzi cha uthenga). Chithunzi cha makilobaiti 50 chokha chimaduka m'timaphukusi pafupifupi 500. Wailesiyo sifika patali, choncho timaphukusito timapatsirana kuchoka pa kachipangizo kena kupita pa kena mpaka pa ofesi ya alonda, monga timapatsirana njerwa pomanga tchalitchi. Aliyense wolandira ndi kupereka akutha batire.

Ndiye nzeru yake ndi kusankha choti chitsogole. Kamera imagona mpaka kachipangizo komva kutentha kwa thupi loyenda kaidzutse. Ikajambula, imayerekeza ndi chithunzi chakale: mtengo wa msuku uja unalipo dzulo, palibe chifukwa choutumiziranso. Mbali imene yasintha, pamene paima munthu kapena galimoto, imaikidwa patsogolo. Njira ina, yomwe ine ndimaikonda, ndi kutumiza kaye chithunzi chonse chosaoneka bwino, kenako zokometsera pambuyo. JPEG 2000, mtundu wina wa kasungidwe ka zithunzi, imalola zimenezi. Njira ya wailesi ija ikadzaza, timaphukusi ta udzu ndi mitambo ndi timene timatayidwa. Mlonda amadziwa msanga kuti ndi anthu atatu, osati ng'ombe, nkhope zisanaoneke n'komwe.

Musaganize kuti n'zophweka. Dziko la America linathetsa ntchito ya SBInet, yolondera malire ndi makamera ndi zipangizo zina, mu 2011, litawononga ndalama pafupifupi 1 biliyoni ya madola pa makilomita 85 okha a malire a Arizona ndi Mexico.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'china. Kwanuko, mayi wodutsa kanjira ka m'malire usiku angakhale akuthamangira maliro a mlongo wake ku Chipata. Kamera idzamuika patsogolo chimodzimodzi ndi wozembetsa matumba a chimanga, chifukwa imangoona thupi loyenda. Wosiyanitsa awiriwa ndi mlonda amene walandira chithunzicho, ndipo ndikanakonda akhale wodziwa midzi ya mbali zonse ziwiri.