Achimwene, two-stroke ya munthu wamkulu musaigule chifukwa yawala

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 52, mumalemera makilo 95, munkakwera njinga yamoto pa unyamata koma padutsa zaka zoposa 20, ndipo tsopano mukufuna two-stroke (njinga ya injini yoyendera petulo wosakaniza ndi oyilo) yolowera mipikisano ya motocross, ya pa dothi yodumphadumpha, ya ife osewera chabe. Mukufunsa ngati mutenge ya injini ya 125, 250 kapena 300 cc. Ine ndili ndi zaka 54, ndinabwerera pa njinga mu 2019, ndiye ndikamba zimene zandidutsa m'thupi ndi m'thumba.

Funani Yamaha YZ250 yosamalidwa bwino, ya 2006 kapena yaposachedwapa, kenaka muifatsitse. Chifukwa chake ndichifotokoza, koma muyambe mwamva zimene zinandichitikira, poti ndikuona mwalemba kuti pali wina akukutsatsani njinga yakale pamtengo wotsika.

Ine ndinagula Honda CR250R ya 2001 kwa munthu wina cha ku Makeni kuno ku Lusaka, pa ndalama pafupifupi K25,000 za nthawi imeneyo. Mapulasitiki anali atsopano, masitika akuwala, tcheni chothiridwa mafuta. Nditafika ndinapeza injini ili yotentha kale, mwini wake akuti amangoiyesa. Ndinaiponda kamodzi, inalira, mtima wanga unagwa pomwepo ndipo sindinafunsenso kanthu. Loweruka lachitatu ndili kuyeserera kuthengo cha ku Chongwe, ndinamva injini ikukwera yokha ngakhale ndasiya throttle, chopotokola cha moto. Ndinaganiza kuti ndi kebulo yakakamira. Pasanathe mphindi ziwiri tayala lakumbuyo linangoima nji ndili pa giya yachinayi, njinga inandiponya, fupa la paphewa linathyoka. Titatsegula tinapeza kuti crank seal ya kumanzere, labala yotseka kuti mpweya usalowe mu injini, inali yotha, mpweya unkalowa mobisa, mafuta akuchepa, pisitoni inasungunuka mbali ya ekizosi n'kukanda silinda. Ndinaigwira pisitoniyo m'manja, inali ndi mizere yakuya ngati yakhulidwa pa mwala, ring itamatirira mkati osasuntha. Silinda za njinga zimenezi zili ndi Nikasil, chokutira cholimba cha mkati mwake, sungangozibowola pa lathe ngati za njinga za kumunda. Ndinaitumiza ku Johannesburg kudzera kwa mnzanga woyendetsa thiraki wodutsa pa Chirundu, ndinadikira masabata 11, ndipo zonse pamodzi zinadya pafupifupi theka la mtengo umene ndinagulira njingayo. Phewa mpaka lero limandikumbutsa mwezi wa June ukafika.

CR250R ndi njinga yabwino, sindikuinyoza. Vuto ndi lakuti Honda anasiya kuipanga cha mu 2007, ndipo Suzuki RM250 ndi Kawasaki KX250 ya two-stroke zinathanso nthawi yomweyo. Pisitoni ndi ma gasket mungazipeze, koma tizitsulo ta power valve kapena crankcase yosweka mudzazifuna mpaka kutopa. Tili ku Lusaka kuno, chilichonse chimachokera kutali.

YZ250 ikupangidwabe mpaka lero, ndipo injini yake sinasinthe kwenikweni kuyambira 1999. Pisitoni ya Vertex, ProX kapena Wiseco imene imalowa mu ya 2003 imalowanso mu ya chaka chatha, ndiye ogulitsa ku South Africa amakhala nayo pa shelefu. Mu 2005 anaika fulemu ya aluminiyamu, mu 2006 anaika suspension ya KYB yotchedwa SSS, imene anthu amaitamandabe. Ndi chifukwa chake ndikuti 2006 kupita m'tsogolo. Imalemera makilo pafupifupi 103 ili ndi mafuta, ndipo kabureta yake ya Keihin mukhoza kuimasula pansi pa mtengo wa mango ndi sikuludiraiva ndi sipanala ziwiri. Yogwiritsidwa kale ntchito ku South Africa imayenda cha m'ma R50,000 mpaka R90,000 malinga ndi chaka, musanaonjezere zoyendera ndi msonkho. Kuno mitengo imangotsatira dola, ndiye musadabwe ikasintha pakati pa sabata.

Ndaona ena akukuuzani kuti yambani ndi 125 chifukwa ndi yaing'ono, ndiye yofatsa. Ndikukayika ngati anaikwerapo ali ndi makilo 95 ndi mawondo a zaka 52. 125 pansi ilibe mphamvu, imafuna muziisunga ikukuwa, chala chili pa kalachi, phazi likusintha giya pa kona iliyonse. Mukalakwitsa giya potuluka pa kona imangofooka, ndipo ngati kutsogolo kuli jump mwafika pamenepo mulibe liwiro. Imaphunzitsa bwino, imapepuka, anyamata amasangalala nayo. Koma munthu wa msinkhu wathu pofika raundi yachinayi manja auma, ndipo manja akauma ndi pamene ngozi imabwera. Pisitoni yakenso imafuna kusinthidwa kawiri pamene ya 250 yasinthidwa kamodzi.

Za 300, injini yake ndi yokoma zedi, imakoka kuyambira pansi ngati thirakitala, ndipo kuyambira 2017 KTM anaika counterbalancer imene inachepetsa kunjenjemera m'manja. Koma 300 zambiri zimene mungazipeze kuno ndi za enduro, mpikisano wa m'tinjira ta m'thengo, monga EXC kapena XC-W, ndipo suspension yake ndi yofewa, yopangidwira miyala ndi mizu. Munthu wa makilo 95 akatera nayo kuchokera pa jump imagunda pansi mpaka msana kumva. Ya motocross yeniyeni, 300 SX, inabwera mu 2023 pamodzi ndi fuel injection (yopopera mafuta m'malo mwa kabureta) ndi batani loliza, ndipo itangotuluka inali madola pafupifupi 9,000 kunja komweko isanakwere thiraki. Batanilo ndilivomereza ndi mtima wonse: ukagwa, watopa, dzuwa la October likuwotcha, kuponda kiki ndi bondo lopweteka si masewera. Ngati bondo lanu lamanja lili ndi vuto, mfundo imeneyi yokha ikhoza kusintha zonse zimene ndanena. Kungoti mudziwe kuti mukutenganso batire, pampu ya mafuta ndi masensa, ndipo tsiku limene zidzavuta mudzafuna munthu wa kompyuta yake.

Tsopano kufatsitsa. YZ250 mmene imachokera ku fakitale ili ndi ukali pakati, imakhala ngati yagona kenaka n'kudzuka mwadzidzidzi, tayala lakutsogolo m'mwamba. Pa dothi louma, lolimba la kuno kuyambira August, ukali umenewo umangozunguza tayala. Ikani flywheel weight, chitsulo cholemeretsa gudumu la mu injini, ya magalamu pafupifupi 300, mtengo wake ndi cha m'ma madola 100 kapena kuposerako pang'ono. Mphamvu imakhalapo yomweyo koma imabwera mwaulemu, ndipo injini siizima wamba pa kona yothina. Ine tsiku loyamba nditaiika ndinakwera mphindi 20 osaima, pamene kale pa mphindi 8 ndinkakhala nditayamba kulephera kugwira buleki. Musagule paipi ya mpikisano yowonjezera mphamvu pamwamba, simukuifuna. Ndalama imeneyo ipite ku masipuling'i. Masipuling'i amene amabwera ndi njinga anapangidwira munthu wa makilo 75 mpaka 85, inu ndi zovala zonse mudutsa 100. Sinthani akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo mutakhala pa njinga kumbuyo kuzitsika mamilimita 100 mpaka 105. Izi anthu amazinyalanyaza chifukwa sizioneka ndi maso, koma ndi zimene zimasunga msana.

Mukapeza YZ250X musaisiye. Inayamba mu 2016, injini ndi yomweyo koma anaifewetsa kale, tayala lakumbuyo ndi la mainchesi 18, magiya apamwamba ndi otalikirana, ndipo ili ndi choimikira. Pa mipikisano ya ife akuluakulu imakwana bwinobwino, komanso Lamlungu mukhoza kukayenda nayo m'mapiri a ku Leopards Hill.

Pali chinthu china chimene palibe wachitchula: ma jet, timabowo ta mu kabureta todutsa petulo. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, Johannesburg pafupifupi 1,750, Durban ili m'mphepete mwa nyanja. Njinga yochokera ku Johannesburg nthawi zambiri imakhala itaikidwa ma jet aang'ono chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Mukaitsitsira kuno, m'mawa wozizira wa June kapena July, imalandira mpweya wambiri kuposa mafuta, imatentha, ndipo mapeto ake ndi ofanana ndi a CR yanga. Yochokera ku Durban imachita zosiyana, imatsamwa, kutulutsa utsi ndi kudetsa pulagi. Tsiku loyamba tsegulani kabureta muwerenge manambala. Ya fakitale imakhala ndi main jet 178, ndipo kuno kutsika sitepe imodzi kapena ziwiri kumakwana. Pulagi izioneka yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ikayera, imani.

Oyilo musachite naye chibwana. Ine ndimasakaniza 40:1, kutanthauza mamililita 125 pa malita 5 a petulo, Motul 800 ndikaipeza. Buku la Yamaha limati 30:1. Sankhani chimodzi mukhale pomwepo, chifukwa kusinthasintha kumasokoneza ma jet. Oyilo wa 2T wothiridwa m'mabotolo a madzi amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu asayandikire njinga yanu, ngakhale wogulitsa alumbire. Muzisakanizira m'chigubu, osati mu thanki. Fyuluta ya mpweya mugule ziwiri kapena zitatu, ndipo nyengo ya fumbi muzisintha tsiku lililonse mwakwera, mutapaka girisi m'mphepete mwake. Fumbi lofiira la kuno likadutsa, pisitoni imatha ngati sopo. Ikaninso hour meter yowerenga maola amene injini yalira, ndi yotchipa, ndipo pa maola 40 mpaka 50 mutsegule top end, kumtunda kwa injini kumene kuli pisitoni, osadikira kuti ilire zachilendo. Pisitoni, ma ring ndi ma gasket zimakwana cha m'ma madola 150 mpaka 250, ntchito ya madzulo amodzi.

Tsiku lokaona njinga, muuzeni mwini wake asailize mpaka mufike, ndipo muyambe mwagwira silinda ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali chimene sakufuna kuti mumve. Chotsani mpando ndi fyuluta, lowetsani chala kumbuyo kwake kolowera ku kabureta: chikatuluka ndi fumbi, injini yadya dothi. Mupempheni muchotse paipi, ndi masipuling'i ndi mabawuti ochepa chabe, muunike ndi tochi pa bowo la ekizosi muone pisitoni ngati ili ndi mizere. Tsegulani chivundikiro cha kumanzere mugwedeze flywheel m'mwamba ndi pansi, isasewere ngakhale pang'ono. Ikalira, mverani ngati ikutsika msanga mukasiya throttle. Utsi woyera wosatha wonunkha oyilo wa giya ndi crank seal ya kumanja. Nyamulani njinga mugwedeze tayala lakumbuyo kuti mumve ma bearing a linkage, chifukwa ambiri amatsuka njinga ndi madzi amphamvu osapakanso girisi. Nambala ya pa fulemu ifanane ndi ya pa mapepala, ndipo ngati inachokera kunja muone mapepala a ZRA, bungwe la msonkho. Wogulitsa amene akana kuti muchotse paipi, mutsanzikeni mwaulemu muzipita.

Pa bajeti yanu mupatulepo ndalama ya jombo zenizeni za motocross, chipewa chatsopano ndi zoteteza mawondo, ngakhale zitanthauze kugula njinga yakale ndi zaka ziwiri. Chipewa cha kaunjika ayi, simudziwa kuti chinagwa kangati. Mukayezetsenso BP musanayambe, masewerawa amathamangitsa mtima kuposa mmene amaonekera kwa woonerera. Ndipo miyezi iwiri yoyamba musalembetse mpikisano, muzingozungulira, muphunzirenso kuimirira pa ma peg, zopondapo mapazi, ndi kufinya njinga ndi mawondo kuti manja apume.

Njinga imene akukutsatsaniyo musapereke ngakhale dipoziti. Mundiuze pofika Lachisanu kumene ili, Loweruka m'mawa ndibwera ndi tochi ndi masipanala tikaione limodzi isanalizidwe.