Mwana wanga wa CAH akunenepa, kodi ndimuchepetsere mankhwala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi, wa zaka 7, anabadwa ndi matenda a CAH (congenital adrenal hyperplasia), vuto la tiziwalo topanga mahomoni totchedwa adrenal. Mwanayu amamwa hydrocortisone katatu patsiku komanso fludrocortisone, wothandiza thupi kusunga mchere ndi madzi. Chaka chino masaya atukumuka, yunifolomu yakana kulowa pamimba, koma siketi ikulekezabe pomwe inkalekeza chaka chatha. Apongozi awo akuti mankhwala ndiwo akumuwononga, asiye. Mayiwa akufunsa ngati angachepetseko okha.

Mayi, chonde musachepetse nokha, ndipo zosiyazo ayi ndithu. Mwana wa CAH akasiya mankhwala mwadzidzidzi atha kukomoka n'kutisiya m'masiku ochepa. Komabe apongozi anu sanaone zabodza. Zimene mwalembazi n'zoti dokotala azimve msanga.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Kamapanga cortisol, amene amasunga shuga ndi mphamvu m'thupi makamaka munthu akadwala, aldosterone wosunga mchere ndi madzi, komanso mahomoni achimuna pang'ono. Mwa ana oposa 9 pa 10 aliwonse a CAH, chosowa ndi enzyme ya 21-hydroxylase, yomwe adrenal amafunika kuti apange cortisol ndi aldosterone. Zili ngati ngalande yotsekeka: madzi amapatukira kwina. Cortisol sapangika, ubongo umangokakamiza adrenal, ndipo zonse zimathera ku mahomoni achimuna.

Ndiye hydrocortisone ali ndi ntchito ziwiri: kulowa m'malo mwa cortisol wosowayo ndi kutontholetsa adrenal. Pantchito yachiwiriyi pamafunika mlingo woposa umene thupi likanapanga lokha, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lanu. Mankhwala akachuluka, mwana samva kukhuta, mafuta amaunjikana pamimba ndi kumaso, msinkhu umaima, insulin sagwira bwino ntchito, BP imatha kukwera. Fludrocortisone akapitirira nayenso amakweza BP. Mankhwala akachepa, mwana amathamanga msinkhu, amamera tsitsi m'khwapa nthawi yake isanakwane, amatuluka ziphuphu, mafupa amakhwima msanga, mapeto ake amadzakhala wamfupi. Dokotala amayenda pakati pa ziwirizi, ndipo mlingo umasintha mwana akamakula.

Kunenepa kokha sikukanandidetsa nkhawa kwambiri. Chandigwira mtima ndi siketi ija: thupi likukula m'mbali, m'mwamba ayi. Musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Nyamulani buku la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, ndipo werengani dzina pa paketi. Prednisolone ndi dexamethasone ndi amphamvu kwambiri kuposa hydrocortisone ndipo amabweza msinkhu. Ngati munapatsidwa amenewa tsiku lina hydrocortisone atasowa, nenani. Pemphani ayeze msinkhu, sikelo ndi BP, n'kuyerekeza ndi za chaka chatha. Pomwe zikutheka, amayeza 17-OHP, androstenedione ndi renin m'magazi, zomwe zimasonyeza ngati mlingo wa mankhwala uli bwino, n'kujambula dzanja lamanzere kuti aone msinkhu wa mafupa. Musadabwe 17-OHP ikapezeka yokwerako pang'ono. Kuitsitsa mpaka kufanana ndi ya mwana wopanda CAH nthawi zambiri kumasonyeza kuti mankhwala apitirira.

Kunyumba, chepetsani Sobo, mandasi ndi tchipisi za pa buleki, muonjezere ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, ndipo banja lonse lidye chimodzimodzi kuti asadzione wosalidwa. Msiyeni asewere fulaye ndi anzake. Koma musamugoneke ndi njala: ana a CAH amapanganso adrenaline wochepa, choncho shuga wawo amatha kutsika akakhalitsa osadya.

Apongozi muwafotokozere mofatsa kuti matendawa amabwera mwana akatengera jini yomweyo kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Si ufiti, si kulakwa kwanu. Pa mimba iliyonse ya inu awiri, mwayi woti mwana abadwe nawo ndi umodzi pa inayi.

Ndipo dziwani kuti ngakhale dokotala atachepetsa mlingo wa tsiku ndi tsiku, tsiku lodwala ndi lina. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kaya ndi malungo kaya china, hydrocortisone amaonjezedwa kawiri kapena katatu monga anakulangizirani. Akamasanza mankhwala, akamatsegula m'mimba kwambiri kapena kufooka mpaka kulephera kudzuka, pakufunika jakisoni wa hydrocortisone nthawi yomweyo, kenako kuchipatala, usiku kapena usana. Funsani ngati mungaphunzitsidwe kubaya nokha, ndipo aphunzitsi ake akhale ndi kapepala konena zimenezi.