Yankho: kachilombo ka khosi lalitali ka ku Madagascar

Achimwene, mwafunsa ngati kachilombo kofiira kumsana, ka khosi lalitali, kamene munakajambula ku nkhalango ya Andasibe ndi ka mtundu wa anankafumbwe. Inde, ndi m'bale wawo ndithu, ngakhale sikayandikira nkhokwe. Dzina lake la sayansi ndi Trachelophorus giraffa, ndipo kamapezeka ku Madagascar kokha.

Onetsetsani chithunzi chanucho. Zophimba mapiko zikhale zofiira kwambiri, koma mutu, khosi ndi miyendo zakuda bii. Khosilo limapindika pakati ngati chigongono, kamutu kakang'onong'ono kali kunsonga. Ngati khosi latalika moposa thupi, ndi kamphongo; kamafika pafupifupi masentimita 2.5, ndipo khosi lake limaposa la kakakazi kawiri kapena katatu. Timphongo timalimbana ndi makosi amenewa polimbirana tatikazi.

Tinyanga tikuthandizaninso. Anankafumbwe a m'chimanga ali ndi tinyanga topindika, pomwe aka, ka banja la Attelabidae, tinyanga take n'toongoka.

Chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndi ntchito ya kakakazi. Kamasankha tsamba la mtengo wa Dichaetanthera, n'kulipinda, n'kulikulunga mwaluso, dzira limodzi lokha lili m'kati, kenako n'kulidula kuti ligwe pansi. Mukabwererako, yang'anani timipukutu ta masamba pansi pa mitengo imeneyi.

Musakasokoneze ndi ka ku New Zealand, Lasiorhynchus barbicornis. Kameneko n'kabulauni, kowonda, ndipo chotalika ndi mlomo wake.