Ndinaona bambo akudzikhuza kwa mtsikana m'basi, ndikanatani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti anali m'basi yodzaza, anthu ataimirira mothithikana, ndipo anaona mwamuna wina akudzikhuza kumbuyo kwa mtsikana. Mtsikanayo akasuntha, naye amasuntha. "Ndinangokhala chete mpaka anatsika," akutero. "Ndinkaganiza kuti mwina ndi odziwana, komanso ndinkaopa kumenyedwa. Munthu ungathandize bwanji osayambitsa ndewu?"

Achimwene, mwamunayo musiyeni kaye. Pitani kwa mtsikanayo.

Zoti munauma pakamwa si zachilendo. Mu 1964, mayi wina dzina lake Kitty Genovese anaphedwa pafupi ndi kwawo ku New York, ndipo nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti anthu 38 anaona koma osachitapo kanthu. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhaniyo anaikokomeza, komabe inachititsa akatswiri awiri, John Darley ndi Bibb Latané, kuyamba kufufuza. Mu 1968 anaonetsa kuti anthu akachuluka pamalo, aliyense amayembekezera kuti mnzake ndiye ayambe. Koma mu 2019 Richard Philpot ndi anzake anaonera mavidiyo a makamera a m'misewu ku Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town, mikangano 219, napeza kuti pa mikangano 10 iliyonse, pafupifupi 9 panapezeka woleretsa. Ndiye anthu si ouma mtima monga timanenera. Kungoti imeneyo inali mikangano yoonekera, yaphokoso. Wogwiragwira akazi m'basi sachita phokoso. Amadalira kuthithikanako, amadalira manyazi a mtsikanayo, ndiponso amadalira kukayika komwe kunakugwirani inuko, kwakuti mwina mwaona molakwa.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi mtsikanayo, pakuti mukatero simufunika umboni uliwonse. Muyang'aneni n'kumufunsa kuti, "Pepani achemwali, nthawi ili bwanji?" kapena "Basi ino ikudutsa kuchipatala?" Pofunsapo sunthani, muime pakati pa iye ndi bamboyo. Ngati muli pampando, nyamukani mumupatse. Simunaneneze munthu, simunatukwane, koma dzanja lija labwerera m'thumba chifukwa mwini wake wadziwa kuti pali maso. Nanga ngati analidi odziwana? Palibe chimene mwataya, mwangouzidwa nthawi. Bungwe la Right To Be la ku America, lolimbana ndi mchitidwe wovutitsa anthu pagulu, lomwe kale linkatchedwa Hollaback!, limaphunzitsa njira yomweyi ya kusokoneza, ndipo kwa ine ndi imene imaposa zonse chifukwa ngakhale munthu wamantha angaithe.

Zikakanika, itanani ena, koma osangokuwa kuti anthuni thandizani. Sankhani munthu mmodzi: "Mayi inu ovala juzi yofiira, tabwerani muime ndi mwanayu." Uzani kondakitala kapena dalaivala. Munthu akalozedwa chala sakhalanso ndi pobisala.

Za kumudzudzula mwamunayo maso ndi maso, sindikuletsani, koma musazitenge mopepuka. Mu 2014 mtsikana wina wa pa yunivesite, Tuğçe Albayrak, anateteza atsikana awiri amene ankavutitsidwa ndi anyamata pamalo odyera ku Offenbach m'dziko la Germany. Mmodzi wa anyamatawo anakamumenya panja, anagwa n'kuvulala m'mutu, ndipo anamwalira patapita masiku. Choncho mantha anu ali ndi pogwira. Mukaona kuti pali anthu okwanira ndipo munthuyo sanaledzere kapena kunyamula chida, nenani mawu ochepa, "Bambo, chotsani dzanja," basi. Osatsutsana naye. Akayamba zoti ndiwe mwamuna wake kodi, musamuyankhe, tembenukirani kwa mtsikanayo.

Pa za foni ndili ndi mawu. Kujambula kumathandiza ngati wina wayamba kale kuthandiza, koma vidiyoyo ndi ya mtsikanayo, mumupatse iye. Ena amathamangira kuiponya pa Facebook kuti atamandidwe, mawa lake nkhope ya mwana wa eni yafalikira ponseponse, anthu akukambirana za siketi yake m'malo mwa dzanja la bamboyo.

Ndipo ngati mwachedwa, monga zinakuchitikirani, mpata umakhalapobe mtsikanayo akatsika kapena mwamunayo akachoka. Muuzeni kuti, "Ndaona zimene amachita bambo aja, si bwino. Ndikuthandizeni chiyani?" Imani patali pang'ono polankhula, pajatu wangovutitsidwa kumene ndi mwamuna wosamudziwa, ndipo inunso sakukudziwani. Musamufunse chifukwa chake sanakuwe, musamukakamize kupita kupolisi, musamupemphe nambala. Akafuna kukadandaula, muuzeni kuti mukhoza kukachitira umboni. Akati zikomo ndili bwino, musiyeni apite.