Funsani Azakhali: Buku labwino la zakudya ndilipeza kuti?

Azakhali,
Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala ku Chawama koma kwathu ndi ku Katete. Amayi anamwalira ndili wamng'ono ndipo ndinakulira kusukulu yogonera komweko, motero kuphika ndinaphunzira mongotolatola. Nsima ndi ndiwo za masiku onse ndimatha, koma ndikufuna kudziwa zambiri poti ndinalowa m'banja chaka chatha. Ndikatsegula foni ndimapeza maphikidwe ankhaninkhani, koma ambiri amafuna uvuni ndi zinthu zimene sindinazionepo ku msika wa Soweto. Bandulo imatha ndisanapeze chogwirika. Kodi muno mu Lusaka muli mabuku abwino a zakudya? Nanga pa intaneti ndiziwerenga pati?
Mayi wa ku Chawama

Mwana wanga, pepani chifukwa cha amayi anu. Zimene mukufunazi anzanu anaziphunzira atakhala pambali pa mafuwa, akusinja nshawa ndi kusonkhezera moto, ndiye musadzione woperewera chifukwa chofunsa. Paja safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi mabuku, poti ndi kumene kuli mtima wanga. M'mashopu a mabuku a ku Manda Hill ndi mu Cairo Road mupezamo mabuku a zophikaphika okongola zedi, a zithunzi zonyezimira, ambiri ochokera kunja. Musafulumire kupisa m'chikwama. Tsegulani pakati, werengani maphikidwe atatu, ndipo pa chilichonse chimene chatchulidwa dzifunseni ngati mungachipeze ku Soweto kapena pa kantemba ka pafupi ndi nyumba yanu. Ngati pa zinthu khumi zisanu n'zosapezeka, libwezereni pamalo pake. Buku lotero limangokongoletsa kabati.

Limene ine ndimauza atsikana kuti ayambire ndi buku losaoneka bwino n'komwe: la Home Economics la ku sekondale, lolembedwera ana a sukulu a kuno. Lakalekale mulipeza kwa anyamata oyala mabuku pansi m'tauni, ndipo mtengo mumakambirana. Muli miyeso, magulu a zakudya, kasungidwe kake, phala la mwana ndi chakudya cha wodwala. Olemba ake amadziwa kuti wowerenga amadya nsima. Funsaninso buku la maphikidwe a ku Zambia limene analemba Mayi Sylvia Banda pamodzi ndi amuna awo, a Hector Banda. Mayiyu ndi uja anatchuka ndi ntchito yophika zakudya za makolo ndi kuumitsa ndiwo zamasamba kuti zizigulitsidwa m'mapaketi. Ndalama ikavuta, pitani ku laibulale ya khonsolo mu msewu wa Katondo mutanyamula kope ndi cholembera, mukakopere zimene zakukomerani.

Pa intaneti, musanayambe mavidiyo, tsitsani chinthu chimodzi. Mu 2021 unduna wa zaulimi, mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, unatulutsa malangizo a kadyedwe koyenera ka anthu a ku Zambia. Lembani pa Google kuti Zambia Food-Based Dietary Guidelines. Ndi aulere, mumatsitsa kamodzi kokha n'kumawerenga popanda bandulo. Ali m'Chingerezi, koma zakudya zake ndi zathu zomwe. Anazigawa m'magulu 6, ndipo tizilombo todyedwa ngati vinkubala ndi inswa anatiika m'gulu limodzi ndi nsomba ndi nyama. Ine nditaona zimenezo mtima unakhala pansi, chifukwa kwa zaka zambiri ana athu akhala akuuzidwa ngati chakudya chabwino ndi chokhacho chochokera mufiriji ya m'shopu. Kulinso bungwe la boma loona za kadyedwe, National Food and Nutrition Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1967. Chimene chatuluka ndi dzina lawo mungachikhulupirire koposa cha munthu amene simukumudziwa.

Tsono posaka maphikidwe, chinsinsi chili pa mawu amene mukulemba. Mukalemba mawu a Chingerezi okhaokha, foni ikupititsani ku America. Lembani dzina lenileni la ndiwoyo: chibwabwa, kalembula, bondwe, katapa, lumanda, chikanda, ifisashi. Mukatero yesaninso mayina a kwathu ndi a kwa abale athu a ku Malawi, pakuti mphika ndi umodzimodzi. Chibwabwa ndi nkhwani, kalembula ndi kholowa, bondwe ndi bonongwe, katapa ndi chigwada, ndipo zimene m'tauni muno timati ifisashi ndi ndiwo zotendera zomwe zija, zothira nsinjiro. Pa YouTube ndi pa Facebook pali amayi a mbali zonse ziwiri za malire amene amaphika pa mbaula kamera ikuona. Amenewo ndiwo anu. Mukapeza mmodzi amene zake zakupsirani bwino kawiri, kakamirani yemweyo m'malo modumphadumpha, ndipo lembani m'kope kuti musalipirenso bandulo pa vidiyo yomweyo.

Za kunja sindikukuletsani, koma dziwani chinenero chake. Akati teaspoon ndi mamililita 5, tablespoon ndi 15, ndipo kapu yawo ndi pafupifupi 240 kapena 250, osati kapu yaikulu ya tiyi ya abambo. Pa katenthedwe ka uvuni, aku America akalemba madigiri 350 ndiye kuti pa uvuni wa kuno ndi madigiri 180. Cornflour si ufa wa nsima, ndi wowuma woyera wokhuthalitsira msuzi. Baking powder ndi soda si chinthu chimodzi. Mukasinthanitsa, keke imawawa. Chinanso chimene mabuku akunja sangakuuzeni n'chakuti Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi kuno amawira asanatenthe kufika pa madigiri 100. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuposa mmene buku lanenera. Ziviikeni usiku wonse, mupulumutsa malasha.

Za uvuni musadandaule nazo. Ine chikondamoyo ndinaphunzira ku Mtendere kwa azakhali anga, m'nyumba yopanda magetsi. Ankathira mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, n'kuuika pa mbaula kuti utenthe. Ufa wa mgaiwa, shuga, kamchere, soda wa kunsonga ya supuni ndi mkaka wowawasa ankazisakaniza m'kapoto kodzozedwa mafuta, n'kukakhazika pa mchengawo. Akavundikira, makala ambiri ankawachotsa pansi n'kuwaika pamwamba pa chivundikiro. Ndimakumbukira dzanja lawo likuyandama pamwamba pa makalawo, akuyesa kutentha, kenaka n'kuchotsapo awiri ndi supuni. Fungo likayamba kutuluka ankabaya pakati ndi mpeni, ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Keke iliyonse ya m'buku mungaiphike chomwecho, ndipo magetsi akamazimazima ngakhale a ku Kabulonga amafuna kudziwa njira imeneyi. Kope limene ndinalembamo zimenezi ndikadali nalo, masamba ake achita kuonekera ndi mafuta. Yambani lanu sabata ino, ndipo apongozi anu akabwera kudzacheza muwapemphe akuphikireni therere inu mukulemba.

*

Azakhali,
Ndine bambo wa zaka 58 wa ku Matero. Anandipeza ndi matenda a shuga zaka zitatu zapitazo ndipo ndimamwa mapiritsi. M'gulu lathu la WhatsApp la kumpingo mwabwera uthenga woti madzi oviikamo delele usiku wonse amachiza shuga, ndipo akuti dokotala wina wa kunja watsimikiza. Anzanga awiri ayamba kale. Kodi ndisiye mapiritsi?
Bambo wa ku Matero

Bambo, musasiye mapiritsi, chonde. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale mutapanda kuwerenga zotsatirazi mukhale mutamva. Delele ndi ndiwo yabwino, idyani, koma siichiza shuga. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mnansi wathu wina, mayi wolimba amene ankagulitsa tomato, anasiya mankhwala atawerenga uthenga wofanana ndi umenewu. Chilonda chaching'ono cha pachala chakuphazi chinakana kupola, ndipo lero amayenda ndi ndodo. Shuga imawononga mwakachetechete maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi, munthu akudzimva bwinobwino.

Bwererani ku uthengawo muuwerenge modekha. Dokotala wa kunjayo dzina lake ndani? Amagwira pa chipatala chiti? Ananena liti? Mudzaona kuti palibe chimene chatchulidwa, koma kumapeto kuli mawu okukakamizani kutumizira anthu khumi. Uthenga ukamalonjeza kuti chakudya chimodzi chichiza matenda amene achipatala amati ndi ongosamala moyo wonse, kapena ukathera pa nambala ya foni yogulirapo botolo, dziwani kuti wolembayo sakuganizira za thanzi lanu.

Chenjezo loona limaoneka mosiyana. Mukukumbukira mu 2024 pamene agalu ambiri anafa muno m'dziko atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga cha chuku? Unduna wa zaumoyo unaima poyera, unanena kuti ufa unapimidwa ndipo unapezeka ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, nkhaniyo n'kumveka pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Panali dzina la wonena, tsiku, ndi chimene anapima. Nkhani imeneyo ndiyo inali yoyenera kutumizirana m'magulu, chifukwa poizoniyu amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Amakondanso nshawa zosungidwa pachinyezi. Mukamagula za nsinjiro sankhani, zofota ndi zachuku mutaye, musazipatse ngakhale nkhuku.

Za kadyedwe kanu, funsani pa kiliniki pamene mumatenga mankhwala kuti akuonetseni wodziwa za zakudya. Zimene ndingakuuzeni molimba mtima ndi izi: mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke, roller meal kapena mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa wa breakfast woyera mbuu, ndipo zakumwa zotsekemera zisiyeni. Mchere nawonso, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi pa zakudya zonse za tsikulo. Anzanu awiri aja muwaonetse yankho ili Lamulungu likubwerali.

*

Azakhali,
Ndine mnyamata wa ku Kalingalinga, ndikuphunzira zophika. Zonse zimene timawerenga zili m'Chingerezi. Kodi m'chinenero chathu mulibe zolembedwa za zakudya?
Mnyamata wa ku Kalingalinga

Mwana wanga, zilipo koma n'zochepa, ndipo zimenezi zimandipweteka. Kale tinali ndi nyuzipepala ya boma ya Chinyanja yotchedwa Tsopano, ndipo mabuku a m'zinenero zathu ankasindikizidwa ndi Kenneth Kaunda Foundation, imene pano ndi Zambia Educational Publishing House. Pita ukafunse zimene ali nazo. Timapepala ta kusikelo ya ana ndi ta alangizi a zaulimi nthawi zina timabwera m'Chinyanja, usatitaye. Umverenso mapulogalamu a Chinyanja pa Radio One ya ZNBC.

Koma iwe uli ndi foni yojambula mawu, ndipo ndikhulupirira kumudzi kuli agogo. Ukapita pa tchuthi ukakhale nawo tsiku lathunthu. Ukawafunse mmene amasungunulira chidulo kuchokera ku phulusa, ndi phulusa la chiyani limene amasankha. Ukawafunse mfutso wa nkhwani amaufutsa nthawi yaitali bwanji asanauyanike, chinangwa chowawa amachiviika masiku angati kuti ululu uchoke, ndi chimera cha thobwa amachidziwa bwanji kuti chafika. Akati "kadzanja kamodzi", uwapemphe athire m'kapu, uyese, ulembe nambala. Ulembenso dzina la mudzi, chifukwa thobwa la ku Chadiza ndi la ku Petauke sangalifulule mofanana ndendende.

Ukabwerako unditumizire tsamba limodzi lolembedwa m'chinenero chathu. Ndidzapempha akonzi alisindikize pa tsamba lomwe lino, dzina la agogo ako lili pamwamba.