Seva ikhale m'dzina la kampani yanu musanasaine chilichonse

Achemwali, mwafunsa za kuika Odoo, pulogalamu yoyendetsera malonda, stock ndi maakaunti, pa bizinesi yanu. Odoo ilibe vuto, masitolo anu atatuwo ingawayendetse bwinobwino. Chandiwawa ine ndi mawu a mkulu akufuna kukuikiraniyo, akuti "za hosting ndi backup musadandaule, zili m'manja mwathu." Ayi ndithu, dandaulani. Hosting ndi nkhani ya seva, kompyuta ya pa intaneti imene Odoo yanu izikhalapo, ndipo backup ndi kope la zonse zili mmenemo lobwezeretsera zinthu zikatayika.

Anthu oika Odoo ngati ameneyu amabwereka seva ku makampani akunja monga DigitalOcean kapena Hetzner m'dzina lawo, khadi lolipirira lawo, master password ya database (kiyi wamkulu wa mosungira ziwerengero zanu zonse) ili m'mutu mwawo. Inu amangokupatsani ka login. Seva imalipiridwa ndi madola kapena mayuro mwezi ndi mwezi, ndipo za forex mukuzidziwa nokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mabilu onsewa anakwera tsiku limodzi. Khadi la mkuluyo likakanidwa seva imayimitsidwa, ndipo imelo yochenjeza imapita kwa iye, inu osadziwa kanthu.

Ndiye zimakugwerani kumapeto kwa mwezi. Makasitomala ali pamzere, mtsikana wa pakauntala akungodina refresh, akauntanti akufuna ziwerengero za VAT zopita ku MRA, foni ya mkulu uja ikungoitana. Akayankha madzulo amati backup ilipo, n'kutumiza fayilo imodzi ya dump.sql. Apa m'pamene munthu wamkulu amakhala pansi n'kugwira mutu. Odoo imasunga zinthu malo awiri: ziwerengero zili mu database yotchedwa PostgreSQL, koma malisiti amene munajambula, mapangano, ndi zithunzi za katundu zili m'foda ina yotchedwa filestore. pg_dump, pulogalamu yopangira dump.sql ija, imatenga za mu PostgreSQL zokha. Mukaibwezeretsa, dzina la lisiti likuoneka, mukadina palibe kanthu, nthawi zina tsamba lenilenilo limatseguka lophwanyika. Kuonjezera apo ma module (tizigawo ta pulogalamu toonjezera pa Odoo) amene anakulemberani, ndalama zanu zomwe, anatsala pa seva yotsekedwa ija, ndipo database ikawasowa imangotulutsa error. Munthu wodzitcha katswiri osadziwa zimenezi ndi wakuba, ndilibe dzina lina lomupatsa.

Choncho akaunti ya seva mutsegule nokha ndi imelo ya kampani, iye mumuonjezere ngati wothandiza. Domain, adiresi yanu ya pa intaneti, chimodzimodzi. Master password, imene ili m'fayilo ya odoo.conf, ikhale ndi anthu awiri a kwanu. Backup ikhale ya zip yokhala ndi filestore, itengedwe usiku uliwonse, ndipo kope lina lizikhala kunja kwa sevayo. Mumpangano mulembe kuti code ya ma module ndi yanu ndipo izikhala pa akaunti ya kampani ya GitHub, malo a pa intaneti osungirako code.

Kamodzi pamwezi wina abwezeretse backup pa kompyuta ina, atsegule lisiti la chaka chatha, aone ngati stock ikugwirizana. Version ifanane, backup ya Odoo 16 siingangolowa mu 17 popanda upgrade. Pobwezeretsapo achonge kabokosi ka neutralize, kamene kamazimitsa kutumiza maimelo, apo ayi kope loyeserera lija liyamba kutumizira makasitomala maimelo okumbutsa ngongole.

Koma musathawe cloud (maseva a pa intaneti aja) n'kukaika seva pansi pa tebulo muofesi, magetsi a ESCOM akazima database ili pakati polemba ndi mavuto ena, ndipo masitolo atatu kulumikizana kwake kumavuta. Mkuluyonso musamuthamangitse, pakuti chart of accounts (ndandanda wa maakaunti), misonkho ndi opening stock nokha simungazikonze bwino, mudzamufunabe. Ngati simukufuna ma module apadera, tengani Odoo Online, seva amayang'anira eni ake a Odoo ndipo backup mumadzitengera nokha, ngakhale nakonso malipiro ndi a ndalama zakunja. Pakauntala pakhale intaneti ya makampani awiri, Airtel ndi TNM, ndi buku la malisiti apamanja m'dilowa.