Amalume, za Dow Jones mwafunsa zija

Amalume, mwaswera bwanji ku Kasunguko? Funso lanu ndaliona pagulupu: akuti pa wailesi anena kuti Dow Jones yagwa ndi mapointi 800, ndiye mukufunsa ngati amenewo ndi madola, komanso ngati muikeko ndalama za fodya monga akukuuzirani mnyamata wa pa Boma uja. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kunditengera nthawi.

Choyamba, Dow Jones si kampani yoti munthu ukagule, ayi. Ndi nambala chabe yoyezera msika wa masheya a makampani akuluakulu a ku America. Mukudziwa ku okushoni ku Chinkhoma amati sabata ino fodya wayenda pa avereji yakuti pa kilo, pamene belo lililonse lagulidwa pa mtengo wake? Eya, ndi zomwezo. Anayambitsa ndi mtolankhani Charles Dow, amene anali ndi kampani limodzi ndi Edward Jones, pa 26 May 1896. Anatenga makampani 12, kuphatikiza mitengo ya masheya awo, kugawa ndi 12, inatuluka 40.94. Mu 1916 makampani anafika 20, mu 1928 anafika 30, ndipo mpaka lero ndi 30 basi. Amasankha ndi komiti, ndipo amasinthasintha. General Electric, yomwe inalipo pa 12 oyamba aja, inachotsedwa mu 2018. Mu November 2024 anatulutsa Intel n'kulowetsa Nvidia.

Tsono apa mumvetsere bwino. Masiku ano sagawanso ndi 30. Tiyerekeze makampani atatu, sheya ya woyamba ndi madola 100, wachiwiri 50, wachitatu 30. Pamodzi 180, kugawa ndi 3, ikubwera 60. Ndiye woyamba uja wang'amba sheya yake pawiri, aliyense amene anali ndi imodzi ya 100 tsopano ali ndi ziwiri za 50. Palibe waluza tambala, koma mukaphatikiza mupeza 130, avereji yagwa popanda chifukwa. Pokonza zimenezo amatsitsa nambala yogawira ija, kuchoka pa 3 kufika pa 2.17, kuti yankho likhalebe 60. Achita zimenezi kwa zaka zoposa 100, moti kumapeto kwa 2024 nambalayo inali cha pa 0.16. Kutanthauza kuti sheya imodzi ikakwera ndi dola imodzi, Dow imakwera ndi mapointi pafupifupi 6.

Vuto lake lili pomwepo. Imamvera mtengo wa sheya imodzi, osati kukula kwa kampani. Kumapeto kwa 2024 sheya ya banki ya Goldman Sachs inali pamwamba pa madola 500, ya Apple siinafike 300, ndiye Goldman imakoka Dow kwambiri kuposa Apple, chonsecho Apple ndi chimphona kutalitali. Zili ngati kuwerengera avereji ya fodya mofanana pakati pa mlimi wa mabelo awiri ndi esiteti ya mabelo 2,000. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amadalira kwambiri nambala ina yotchedwa S&P 500, ya mu 1957, imene imayeza kampani malinga ndi mtengo wa masheya ake onse. Dow imatchuka chifukwa ndi nkhalamba basi.

Za mapointi 800 zija, musamamvere mapointi, funsani peresenti. Dow inadutsa 40,000 mu May 2024, ndiye 800 pa 40,000 ndi 2 peresenti, tsiku loipa ndithu koma si maliro. Pa 19 October 1987 inagwa ndi mapointi 508 okha, koma imeneyo inali 22.6 peresenti tsiku limodzi. Choopsa zedi chinali cha 1929: kuchoka pa 381 mu September chaka chimenecho kufika pa 41 mu July 1932, ndipo inadzabwereranso pa 381 paja mu 1954. Zaka 25, amalume, mwana kubadwa mpaka kukwatira.

Nanga za mnyamatayo. Ambiri oyenda ndi apu pafoni sagula sheya ngakhale imodzi, amangobetcha kuti nambala ikwera kapena itsika, ndipo amabetcha ndi ndalama zobwereka. Mukaika madola 100, apu imakulolani kusewera ngati muli ndi 5,000. Msika ukangotembenuka ndi 2 peresenti, ndi madola 100 amenewo, zanu zonse zapita. Ndipotu msika wa masheya wa ku New York umatsegula 3:30 kapena 4:30 masana nthawi yathu ino, kutseka 10 kapena 11 koloko usiku, ndiye zitha kupsa inu muli mtulo. Akakulonjezani phindu lokhazikika mwezi ndi mwezi, limenelo ndi bodza, Dow yeniyeniyo silonjeza kanthu.

Ngati mtima uli pa masheya, tili ndi Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ili ndi nambala yakeyake yotchedwa MASI, muli Illovo, National Bank, Airtel, TNM ndi ena. Mumagula m'makwacha kudzera kwa bulokala wovomerezeka ndi Reserve Bank, masheya amalembedwa m'dzina lanu, kampani ikapindula n'kugawa phindu mumalandirako. Nakonso mitengo imatsika, ndiye za feteleza ndi za matenanti muziike padera kaye. Munditumizire dzina la apu yakeyo ndi chithunzi cha pepala lililonse limene wakupatsani musanasaine. Moni kwa onse kunyumbako.